Katemera wa chitopa sachiza nkhuku zomwe zadwala kale

Bambo, mwafunsa ngati mungapereke katemera kwa nkhuku zanu zomwe zayamba kale kuwodzera, kuchita chitosi chobiriwira ndi kupinda makosi. Zizindikirozi zikuloza ku chitopa, nthenda yomwe ilibe mankhwala, ndipo katemera amateteza nkhuku zathanzi zokha. Patulani zodwalazo lero lomwe, ndipo zakufa muzikwirire m'dzenje lakuya kapena muziwotche, osazigulitsa.

Mliriwu ukadutsa, funsani alangizi a ziweto za katemera wa I-2, amene amaperekedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale anapiye, pakatha miyezi inayi iliyonse. Kwa ine, n'kwanzeru kutemera nyengo yotentha isanafike, chifukwa ndi pamene chitopa chimasesa makola ambiri. Nkhuku zogula kumsika muziyamba mwazisunga pazokha kwa masabata awiri musanaziphatikize ndi zinzake.