Za khadi ya kubanki kwa mwana wopita ku Bunda

Amayi, mwafunsa ngati mtsikana wanu amene wasankhidwa ku yunivesite ya LUANAR ku Bunda mumutsegulire akaunti yokhala ndi khadi, kapena azingodalira Airtel Money yomwe ali nayo kale. Ine ndinaphunzira pa Bunda pompo, ndiye ndikuti akauntiyo mutseguleni asanapite, koma ya pafoniyo asaisiye. Ziwirizi ntchito zake n'zosiyana.

Akaunti ndi nkhokwe. Ndalama ya fizi, ya lendi ngati adzakhale kunja kwa sukulu, komanso ya ngongole ya ophunzira ya ku Loans Board akadzaipeza, zizikhala mmenemo, m'dzina lake osati lanu. Atenge chiphaso chake cha unzika ndi kalata yomuitana kusukulu, apite yekha akasayine. Musavutike kwambiri ndi kusankha banki. Chiyambire Natswitch, njira yolumikiza mabanki, mu 2015, khadi ya banki ina imatapa pa ATM ya banki inzake, kungoti amadula yochulukirapo. Khadiyo azikagwiritsa ntchito akabwera m'tauni, ku Chipiku kapena ku Gateway Mall, kumene kuli timakina ta POS tolipirira ndi khadi.

Nanga pa msika wa Mitundu, pafupi ndi Bunda? Mayi wogulitsa tomato ndi bonya alibe kamakina, wa chiwaya nayenso. Chimene mupezapo ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolembedwa pa katoni. Ndiye chofunika kwambiri, chimene ambiri amaiwala, n'kulumikiza akauntiyo ndi foni tsiku lomwelo lotsegula. Mo626 ya National Bank ndi *626#, FDH ndi *525#, ndipo izi sizifuna bandulo, ngakhale kafoni ka mabatani kamatha. Lolemba lililonse azidzikankhira ya sabata imodzi yokha. Ndalama ya mwezi wonse ikakhala pafoni imatha ngati mchere m'madzi, poti bandulo ndi tchipisi zimangofuna chala basi.

Inunso muzitumiza kamodzi yochulukirapo ku akaunti. Kutumiza pang'onopang'ono, iye n'kumakatapa kwa ejenti ulendo uliwonse, mukudyetsa anthu ena.

Komabe m'thumba musamasowe ya pamanja. Kondakitala wa minibasi safuna kumva zoti netiweki yavuta, ndipo ma ejenti masiku amene ana onse alandira ndalama amangoti "float yatha". Ine ATM ina inandidula K40,000 osatulutsa kanthu, Lachisanu madzulo, mayeso ali Lolemba. Anandibwezera patatha pafupifupi masabata awiri, nditalemba fomu ndi kuyenda kawiri m'tauni. Chinandithandiza ndi uthenga wa pafoni umene sindinafufute. Muuzeni azisunga mauthenga ndi marisiti onse, makamaka a fizi.

Pa za akuba mukhale naye pansi. Uthenga uja wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" adzaulandira ndithu. Ena amaimba ngati akuchokera ku kampani ya foni, ena amati atumiza ndalama molakwitsa awabwezere. Ayambe waona balansi yekha, ndipo PIN sapatsa munthu, kaya ndi mesho wake wogona naye chipinda chimodzi, kaya chibwenzi. Isakhale chaka chake chobadwa, ndipo asailembe kuseri kwa khadi monga anachitira mnzanga wina chaka choyamba. SIM khadinso ikhale yolembetsa m'dzina lake, chifukwa foni ikabedwa, kuti abwezeretse nambala adzamufunsa chiphaso chake, osati chanu.