Musanakhulupirire zolembedwa pa batire, liyikeni pa sikelo

Funso: Achimwene, ndagula pawabanki pamsika yolembedwa 50,000 mAh. Ndi yaing'ono, imalowa m'thumba la malaya. Wogulitsa anati masiku ano akupangira silicon, n'chifukwa chake ndi yopepuka. Koma ikangodzaza foni kamodzi, basi yatha moto. Vuto ndi chingwe kapena foni?

Yankho: Chingwe chilibe mlandu, foni ilibenso mlandu. Akuberani, achimwene. Zoterezi zimafika patebulo panga sabata iliyonse, ndipo sinditaya nthawi kuzitsegula ndisanaziyese kulemera.

Pitani kwa aliyense amene ali ndi sikelo ya manambala, ija yowerenga magalamu, muyikepo pawabanki yanuyo. Moto umene batire limasunga umakhala m'mankhwala a m'kati mwake, ndipo mankhwalawo ali ndi kulemera kwake. Palibe njira yozembera zimenezi. Chulukitsani 50,000 mAh ndi 3.7 V, mavolti a batire la lithium, mupeza 185 Wh, muyeso wa moto wonse umene lingasunge. Maselo, timabatire ta m'kati mwa pawabanki, abwino kwenikweni a lithium amene ali pamsika lero amasunga pakati pa 250 ndi 300 Wh pa kilo imodzi. Ndiye kuti maselo okha a pawabanki yoteroyo ayenera kupitirira magalamu 600, ndipo mukaphatikiza chikuto ndi bodi yake, ifika pa kilo kapena kupitirira. Chinthu cha kilo imodzi sichingakhale m'thumba la malaya. Pawabanki yeniyeni ya 10,000 mAh imalemera pafupifupi magalamu 200. Yanuyo ikawerenga 200 kapena kucheperapo, mwadziwiratu malire ake, kaya pachikutopo alembapo manambala angati.

Chimodzimodzi maselo obulungira aja a 18650, amene mumawapeza m'matochi ndi m'mabatire a laputopu zakale. Lenileni limalemera magalamu 45 mpaka 48, ndipo abwino kwambiri amathera cha m'ma 3,500 mAh. Koma anthu amandibweretsera ena olembedwa 9,900 mAh, ndikawayika pa sikelo n'kuwerenga magalamu 25. Ukang'amba limodzi umapeza kaselo kakang'ono ngati chala cha mwana, malo otsalawo mulibe kanthu. Zimandipweteka mtima, chifukwa amene amagula zimenezi ndi munthu amene ndalama yake ndi yochepa kale.

Dziwaninso kuti akuba ena anachenjera. Ndinatsegulapo pawabanki ya maselo anayi, limodzi lokha ndilo linali ndi mawaya, atatu enawo munali mchenga. Choncho sikelo imagwira mbali imodzi: chopepuka ndi chabodza ndithu, koma cholemera chimafunika kuchiyesanso. Apo ndimalumikiza kamita ka USB pakati pa pawabanki ndi foni, n'kuisiya mpaka ithe. Ya 10,000 mAh yeniyeni imatulutsa pakati pa 6,000 ndi 7,000 pa kamitako, chifukwa moto wina umatayika poukweza kuchoka pa 3.7 V kufika pa 5 V. Ikatulutsa 2,000, ibwezeni.

Nkhani ya silicon payokha ndi yoona, kungoti wogulitsayo wabisalamo. Batire la foni likamatchajidwa, lithium amakalowa mbali imene imapangidwa ndi graphite, mwala wakuda womwe uja uli m'kati mwa pensulo, umenenso wapezeka wochuluka ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Galamu imodzi ya graphite imasunga 372 mAh basi. Silicon, amene amachokera ku mchenga, amatha kusunga pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Akatswiri akhala akuzidziwa izi kwa zaka zambiri, koma chimawavuta n'chakuti silicon akameza lithium amafufuma kuposa katatu, akatulutsa n'kuphwa, ndipo zikachitika kangapo amang'aluka n'kusanduka fumbi. Chimene kafukufuku wakwanitsa zaka zaposachedwapa ndi kuyika timbewu ta silicon tating'onoting'ono m'kati mwa carbon wokhala ndi timapanga, kuti tikamafufuma tipeze malo. Ngakhale zili choncho, silicon amene amathiramo ndi wochepa. Mu 2023 kampani ya Honor inatulutsa Magic5 Pro ya ku China ndi batire lotereli la 5,450 mAh, pamene ya mayiko ena, yokhala ndi batire lachizolowezi, inali ya 5,100. Mwaona kusiyana kwake? Lero mafoni ena afika 6,000 ndi 7,000 mAh osanenepa, ndipo ndi ntchito yotamandika. Koma palibe silicon amene angapanikize 50,000 mAh m'kabokosi ka magalamu 200.

Funso: Ndili ndi golosale ndipo firiji yaing'ono ndi mababu ndimayendetsera sola. Batire lakale la asidi litafa, mwana wanga anandigulira la lithium lolembedwa LiFePO4 100 Ah. Madzulo kontirola imaonetsa kuti ladzaza, koma ikamakwana 10 koloko usiku zonse zimangozima mwadzidzidzi. Kodi landifera kale?

Yankho: Amayi, batire lanu mwina lili bwinobwino, kungoti silinakhutepo chiligulireni. Kontirola yanu ikuliwerenga ngati la asidi. Batire la asidi likamatha, mavolti ake amatsika pang'onopang'ono, kuchoka cha pa 12.7 kufika 12.2 likafika theka, ndiye kontirola imadziwa pamene lili. La LiFePO4 khalidwe lake ndi lina: limangokhala cha pa 13.2 V kaya latsala pang'ono kudzaza kaya latsala pang'ono kutha. Kontirola ikaona 13 imalemba kuti ladzaza. Kenako usiku mavolti amagwa kamodzin'kamodzi, kabodi koteteza ka m'kati, kotchedwa BMS, n'kudula moto. Kuzima kwadzidzidzi kumene mukuonako ndi kumeneko.

Itanani amene anakulumikizirani asinthe kontirola ikhale pa lithium, itchaje mpaka 14.2 kapena 14.4 V, ndipo azimitse equalize. Imeneyo ndi yogwedezera asidi wa mabatire a mtovu, ku lithium ndi yowononga. Ngati kontirola yake ndi zija zabuluu zotchipa zosasinthika bwino, itayeni. Sindimvetsa munthu wogula batire la ndalama zambiri chonchi n'kulisiya m'manja mwa kontirola ya mtengo wa nkhuku imodzi.

Kenako werengani panelo. Batireli limasunga 1,280 Wh. Panelo ya 100 W, dzuwa litawala bwino tsiku lonse, imapereka pakati pa 400 ndi 500 Wh, ndipo firiji ikudya pomwepo masana. Ngati panelo yanu ndi imeneyo, batire silidzadzaza. Ndipo musaiwale sikelo: la 100 Ah lenileni limalemera makilo 10 mpaka 13. Likawerenga 6, si la 100 Ah.

Mwana wanu anasankha mtundu wabwino. Mankhwala akewa anawatulukira m'zaka za m'ma 1990 ku yunivesite ya Texas, m'gulu la John Goodenough, amene analandira mphoto ya Nobel ya chemistry mu 2019 ali ndi zaka 97, pamodzi ndi Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino. Mulibe cobalt, muli chitsulo ndi phosphate, ndipo phosphate ameneyu amagwira oxygen mwamphamvu moti batire siliyaka msanga likatentha. Mukalisamala limatchajidwa ndi kutha kambirimbiri, m'masauzande, pamene la asidi mukamalikama mpaka pansi limatha m'mahandiredi ochepa.

Funso: Foni yanga yatukula chivundikiro chakumbuyo, batire latupa. Mnzanga akuti ndiliboole ndi singano mpweya utuluke. Ndichite?

Yankho: Ayi! Musayerekeze. Mpweya umenewo wachokera ku madzi a m'batire amene awonongeka, ndipo umayaka. M'kati muli timapepala tiwiri ta moto tolekanitsidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi. Singano ikatilumikiza, moto ubuka m'manja mwanu. Zimitsani foni, musaitchajenso, mukasinthitse batire lero. Choyambitsa ndikuchidziwa kale: kutentha. Kutchaja foni ili pansi pa pilo, kuisiya padzuwa pagalasi la minibasi, kuonera mpira ili pa tchaja ya mtengo wa mandasi. Mukapanda kusiya zimenezi, latsopanolo litupanso.

Funso: Bambo, ndamva kuti kukubwera mabatire a mchere otchipa. Ndidikire amenewo m'malo mogula la lithium?

Yankho: Si kuti muli mchere wa m'ndiwo. M'malo mwa lithium agwiritsa ntchito sodium, amene amapezeka mumchere ndipo ndi wosasowa padziko. Kampani ya CATL ya ku China inaonetsa mtundu wake woyamba mu 2021, wosunga 160 Wh pa kilo, ndipo mu 2025 inalengeza wina wotchedwa Naxtra wa 175 Wh pa kilo. Apa ayandikira LiFePO4, koma akadali kutali ndi batire la foni, choncho m'thumba mwanu salowamo posachedwa. Graphite sagwira bwino sodium, ndiye akugwiritsa ntchito carbon wina wolimba. Ubwino wake waukulu ndi kupirira kuzizira koopsa, vuto limene kuno sitilidziwa. Wina ndi wakuti likhoza kutha mpaka ziro osawonongeka, ndipo umenewu ndi umene ndikuuyembekezera, chifukwa mabatire ambiri amene ndimalandira anafa kaamba kosiyidwa miyezi opanda moto.

Koma musadikire mumdima. Mavolti a selo la sodium amatsika kwambiri likamatha, kusiyana ndi LiFePO4, moti invetala imene muli nayo ikhoza kudula batire likadali ndi moto wambiri. Gulani LiFePO4 tsopano kwa munthu amene akupatsani chikalata cha waranti. Wina akadzakubweretserani lolembedwa sodium 12 V 100 Ah, liyenera kulemera ngati la LiFePO4 la saizi yomweyo kapena kuposerapo. Likapepuka kuposa pamenepo, lisiyeni pa kauntala.