Mzere wa CN wafooka mu diamond anvil cell

Funso: Bambo, ndaika ufa wa potassium cyanide (KCN) mu diamond anvil cell, kachipangizo kopanikiza zinthu pakati pa dayamondi ziwiri, ndipo ndikuyeza ndi Raman, njira yozindikira mankhwala powaunika ndi laser. Pa 3 GPa (muyezo wa kupanikiza) mzere wa CN, wosonyeza cyanide pa girafu, wafooka, pansi ponse pa girafuyo pakutukumuka ngati chulu, komanso pafupi ndi 1060 cm⁻¹ patuluka mzere wachilendo. Kodi cyanide yayamba kusanduka polymer, kutanthauza kulumikizana ngati unyolo?

Yankho: Ayi achimwene, 3 GPa n'kuchiyambi kwenikweni. Sodium cyanide, m'bale wake wa KCN, imafuna kupanikizidwa kupitirira 25 GPa kuti iyambe kusanduka polymer. Ufa wanuwo walowa chinyezi basi. Mzere wa 1060 uja ndi wa carbonate, womwe umabwera cyanide ikakumana ndi madzi ndi carbon dioxide wa mumpweya.

Vutoli ndaliona kambirimbiri. Munthu amatsegula botolo patebulo, kupera ufa poyera, kenako kutha mphindi 20 akusaka kachidutswa ka ruby (koyezera kupanikiza) pansi pa maikulosikopu, ufa uli yasa. Akamatseka cell amakhala atauononga kale, n'kumadzanamizira makina.

Ine sinditseka cell ndisanachite ichi. Tapani ufa pang'ono m'botolo lomwelo muli mu glovebox (bokosi lotseka lodzaza mpweya wa argon), muuike m'kachubu kagalasi, mutseke kukamwa, muyeze musanapanikize chilichonse. KCN yabwino imapereka mzere umodzi wakuthwa pafupi ndi 2076 cm⁻¹. Mukaona carbonate pomwepo, botolo lonse latha ntchito, musataye nalo nthawi. Ngati kachubu kali bwino, yezaninso mutangotseka cell, musanamange zomangira. Carbonate ikatulukira pamenepo ndiye kuti yalowa poika, vuto ndi manja anu. Kuyeza kuwiriku sikudya ngakhale theka la ola, koma anthu amakudumpha n'kutaya sabata yathunthu.

Kutukumuka kwa pansiko nthawi zambiri ndi dayamondi zotchipa, zimawala zokha laser ikazimenya. Yezani cell yopanda kanthu muone. Zogula mwachisawawa chifukwa cha mtengo zimandikwiyitsa, pa Raman pamafunika zosankhidwa kale. Mukadzasamukira ku kuyeza ndi kuwala kwa infrared mufune dayamondi za type IIa, zopanda nitrogen wambiri, ndipo dziwani kuti dayamondi imameza kuwala cha m'ma 2000 cm⁻¹, pomwe pali CN wanuyo.

Cha pa 2 GPa KCN imasintha kayalidwe ka mkati, choncho mzere ukasuntha pamenepo musadabwe. Methanol ndi ethanol musathiremo mu cell ngati madzi ofalitsa kupanikiza, zimasungunula ufawo.

Ufa woonongekawo ukadali poizoni. Usakhudzane ndi asidi aliyense, chifukwa umatulutsa mpweya wa hydrogen cyanide womwe umapha msanga. Utsekereni m'botolo la zinyalala za cyanide, mulembepo dzina, kenako muyambirenso ndi botolo latsopano.