Kodi ampulifaya ndi chimkuzamawu? Funso lochokera pa Lizulu

Sabata ino ndalandira funso kuchokera kwa mnyamata wina wa pa Lizulu, ndipo walemba motere: "Aphunzitsi, ine ndili ndi kashopu kuno, ndimabena nyimbo komanso kutayipa makalata pa laputopu. Ndikufuna kugula zomvera nyimbo m'makutu zija zotchipa koma zabwino, nde mnzanga akuti ndigulenso ampulifaya. Takangana pa zinthu ziwiri. Iye akuti ampulifaya pa Chichewa ndi chimkuzamawu, ine ndikukana. Komanso kodi timati kukweza mawu kapena kukuza mawu? Ngati mukudziwa zoti ndigule mundiuzekonso."

Zikomo achimwene, safunsa anadya phula. Funso lanuli landisangalatsa kwabasi chifukwa mukalimvetsa bwino la Chichewalo, la ndalamalo liyankhika lokha. Ndiyamba ndi mkangano wachiwiri, wa kukweza ndi kukuza.

Kukweza kumachokera ku kukwera, kukuza kumachokera ku kukula. Chichewa chili ndi kachizolowezi kokoma kwambiri kosintha l kapena r kukhala z pamene munthu akuchititsa chinthu. Belu limalira, iwe umaliza. Ndowa imadzala, iwe umadzaza. Wodwala amachira, sing'anga amachiza. Ngongole kuti ibwere kwa mwini wake uyenera kubweza. Nde chinthu chikakwera wachikweza, chikakula wachikuza, basi. Tsono taganizani thumba la kachewere pamsika wanu pomwepo, anyamata akalinyamula n'kuliponya pamwamba pa lole alikweza, koma thumbalo ndi lomwe lija, silinakule ngakhale pang'ono, langokhala pamwamba. Pomwe mayi amene walera mwana mpaka kufika pa usinkhu timati wamukuza, ndipo munthu amene wawonjezera mizere kumunda wakuza munda. Mukamapotokola kabatani ka voliyumu mukukweza, n'chifukwa chake mnzake wa mawuwa ndi kutsitsa, ngati mmene timatsitsira katundu. Kumsonkhano wa kumudzi anthu akumbuyo amakuwa kuti "takwezani mawu sitikumva kuno", sindinamvepo wina akuti takuzani. Koma ntchito ya ampulifaya ndi ina, iyo imatenga timagetsi tochepa totuluka mu kompyuta n'kutipatsa mphamvu yoti tikankhe bwino timasipika ta m'mahedifoni. Kumeneko nde kukuza. Choncho onse awiri ndi Chichewa chabwino, kungoti aliyense ali ndi pake, inu mumakweza, ampuyo imakuza.

Chimene sindingalole n'chimene ndimamva mu minibasi masiku ano, "adiraiva tapangani increase volume". Aaa, zimandipweteka mumtima zoona. Mneni tili naye, waufupi, womveka, wakale, nde tikumusiya n'kumakabwereka awiri achizungu n'kuwakoleka pa kupanga. Kupanga download, kupanga play, kupanga share, kupanga kwatopa nako kusenza. Kubwereka dzina la chinthu chachilendo si mlandu, koma kutaya mneni wako amene ali moyo ndi ulesi.

Tsopano chimkuzamawu. Mnzanuyo sanaphonye patali chifukwa mukawaphwanya mawuwa mupeza chi, m, kuza, mawu, ndiye kuti chinthu chachikulu chokuza mawu. Mamangidwe ake ndi omwe aja a mkhalapampando, mkhalakale, mlowam'malo, mtanthauziramawu, kumata mneni ndi dzina n'kutuluka dzina limodzi, luso limene ine ndimalinyadira kwambiri m'chiyankhulo chathu. Koma tanthauzo la mawu silikhala m'mamangidwe mokha, limakhalanso m'zimene anthu aona. Ine chimkuzamawu ndinachiona koyamba ndili mwana pa Dedza boma, chili padenga pa galimoto, chokamwa chachikulu ngati lipenga, chikulengeza za katemera, ife ana tikuthamangira m'mbuyo mpaka fumbi m'maso. Kuchokera pamenepo aliyense amene ndinakula naye akamva chimkuzamawu amaona khamu la anthu, msonkhano, maliro, chitsitsimutso, mpira. Kabokosi kanu kokwana m'manja kodyetsa makutu awiri okha sikangasenze dzina limenelo, ndipo chi uja akukana yekha, ka bokosi sikangakhale chi. Chigamulo changa n'chakuti chimkuzamawu chikhale cha pagulu, ndipo kanuko muzikatchula ampulifaya kapena ampu monga amanenera anyamata a zoimbira. Ofuna Chichewa chokhachokha anganene kuti kokuzira mawu, sindingawaletse, ngakhale kuti zokuzira mawu kumatchalitchi kuno zimatanthauza zonse pamodzi, masipika, maiki, mawaya ndi ampu yomwe.

Nanga zovala kumutuzo? Inu mwalemba kuti zomvera nyimbo m'makutu, n'zomveka ndithu koma n'zazitali, simungazinene katatu pa tsiku. Ena amadula n'kunena kuti zam'makutu, koma mukapita kwa azakhali anu n'kunena kuti ndagula zam'makutu iwo aganiza ndolo. Anthu anasankha kale, amati mahedifoni, ndipo ine ndavomera. Chomwe ndikupempha n'kalembedwe. Lembani mahedifoni, mawu amodzi, ma womata, mavawelo onse alipo monga Chichewa chimafunira kuti phatikizo lililonse lithere pa vawelo. Osati "ma headphones" zomwe ndimaona pa Facebook, pamenepo mwachulukitsa kawiri, ma wathu kutsogolo s wachizungu kumbuyo, ngati kunena kuti maanthu. Imodzi ndi hedifoni yanga, ambiri ndi mahedifoni anga, ampu yanga, maampu anga, chimodzimodzi foni yanga mafoni anga.

Poti tafika pa makutu ndiloleni ndidandauleko. Limodzi ndi khutu, awiri ndi makutu, h uja amagwa. Khasu makasu, phiri mapiri, thumba matumba, khola makola. Ili ndi lamulo limene mwana aliyense wa ku Bembeke amalitsata pakamwa asanapite n'kusukulu komwe, koma pa foni ndikumaona akuluakulu akulemba makhutu, maphiri, ndipo wina sawadzudzula. Nthawi ya Chichewa Board, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972, timatchera khutu pa wailesi ya MBC kumvera pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa, ndipo zoterezi sizimadutsa. H wa mu hedifoni yekha ndiye sagwa chifukwa ndi lembo loima palokha, si mpweya wotsatira k kapena p, nde musalembe maedifoni poganiza kuti mukutsata lamulo.

Wailesi ndaitchulayi ilinso ndi kankhani kake kokhudza inu. Dzinali tinalitenga ku mawu achizungu otanthauza chopanda waya, ndipo linakhazikika mpaka palibe amalimva ngati lachilendo. Lero kwabwera mahedifoni a Bluetooth amenenso alibe waya, koma dzina lija linapita kale ndi mwini wake, sitinganene kuti mahedifoni a wailesi, anthu aganiza kuti amagwira masiteshoni. Timangoti opanda chingwe. Ndipo kwa inu amene mumakhala pa tebulo tsiku lonse musalimbane nawo, pa ndalama yomweyo achingwe amamveka bwino kuposa, chifukwa mwa enawo ndalama ina yapita ku batire, komanso magetsi akathima tsiku lonse achingwe safuna kutchaja.

Nde tibwere ku zogulazo, apa m'pamene kukweza ndi kukuza kuja kukugwira ntchito. Musagule ampu chifukwa choti mukufuna phokoso. Yang'anani pa bokosi la mahedifoni, pamakhala nambala yotsatana ndi mawu akuti ohm. Limeneli ndi dzina la munthu, Georg Ohm wa ku Germany amene anafotokoza lamulo la kayendedwe ka magetsi mu 1827, choncho sindilisintha kalembedwe, dzina la mwini sitilikonza. Nambalayo ikakhala yochepa, monga 32 ohm, kabowo ka laputopu yanu ka 3.5 mm nthawi zambiri kamakwanitsa kokha popanda ampu. Ikakhala 250 kapena 300 ohm malaputopu ambiri amalephera kukankha mokwanira. Ndinaziona ndi maso anga, mdzukulu wanga anabwera nawo a 250 ohm kuchokera ku Johannesburg, tinawalowetsa mu laputopu pakhonde pano, kukweza mpaka kabatani kufika kumapeto, koma ng'oma zimamveka ngati akuimbira kuseri kwa phiri la Dedza. Atalumikiza kaampu kake, voliyumu ili pakatikati, gunda anabwera ndi thupi lake lonse, mpaka ndinavula n'kuyang'ana ngati ndi omwe aja. Poyamba paja timakweza chinthu chosakula.

Ndiye malangizo anga ndi akuti ndalama yambiri ipite ku mahedifoni, musankhe a ma ohm ochepa, ampu ibwere pambuyo ngati ikufunikadi. Otchipa amene amatamandidwa ndi monga Superlux HD681 ndi Samson SR850, onse a 32 ohm. Koss Porta Pro ndi a 60 ohm, anatuluka mu 1984 ndipo mpaka pano akupangidwabe, opepuka ngati palibe kanthu kumutu. Thumba likalola pali Sony MDR-7506 a 63 ohm omwe akhala m'masitudiyo kuyambira 1991, ndi Audio-Technica ATH-M40x a 35 ohm. Chenjerani ndi Beyerdynamic DT 770 Pro, abwino kwambiri koma amabwera mitundu itatu, 32, 80 ndi 250 ohm, maonekedwe pafupifupi amodzi, nde mukatuma munthu mumuuze nambala. Sennheiser HD 600 a 300 ohm asiyeni kaye, amenewo ndi odula ndipo amafuna ampu yeniyeni.

Palinso nkhani ya otseka ndi otsegula kumbuyo. Otsegula amakhala ndi timabowo, mawu amamveka motakasuka ngati uli pabwalo, koma phokoso la kunja limalowa komanso wapafupi nawe amamva zomwe ukumvera. Superlux ndi Samson aja ndi otsegula pang'ono, Porta Pro nawonso ndi otsegula. Pa Lizulu tsiku la msika, malole akudutsa pa M1, oitanira akukuwa, shopu yoyandikana nayo ikuliza sipika yake, otsegula akukhumudwitsani. Inu mukufunika otseka ngati a Sony kapena Audio-Technica aja, ndipo mu June ndi July chisanu chathu chija chikagwa amafunditsanso makutu.

Pali nthawi ina imene kabokosi kamafunika ngakhale ma ohm ali ochepa. Malaputopu ena, makamaka akaunjika, ukalowetsa chaja m'mahedifoni mumamveka kuti nzzz kapena siii nyimbo isanayambe n'komwe. Pamenepo chofunika ndi DAC, kachipangizo kosandutsa manambala a mu kompyuta kukhala timagetsi ta mawu, kolowetsa pa USB, kuti ntchitoyo ichitikire kunja kwa laputopu kutali ndi phokoso la m'kati. Tambiri timabwera DAC ndi ampu m'bokosi limodzi, monga FiiO E10K yomwe eni ake amati ndi ya mahedifoni a pakati pa 16 ndi 150 ohm. Ngati laputopu ili ndi USB-C, ngakhale kachingwe kakafupi ka Apple kosinthira ku 3.5 mm kali ndi DAC m'kati mwake ndipo n'kotchipa kwambiri. DAC sindinaipezere dzina la Chichewa limene anthu angalilandire, tiziitchula choncho. Dziwaninso kuti ampu imakuza chilichonse chomwe yapatsidwa, nyimbo ya MP3 ya 128 kbps (nambala ya kbps ikachepa, ubwino wa mawu umachepanso) yomwe yazungulira pa WhatsApp ikalowa ndi zinyalala imatuluka ndi zinyalala zokula, nde monga wobena nyimbo sungani za 320 kbps pomwe mungathe.

Mneni womaliza ndi uja mwagwiritsa ntchito osamuganizira, kumvera. Tsinde ndi limodzi koma ana ake ndi ambiri. Kumva ndi kwa khutu, ndiponso kwa thupi lonse, timamva njala, timamva fungo, timamva kuzizira. Kumvera ndi kupereka khutu dala, kumvera wailesi, kumvera nyimbo, ndipo ndi mawu omwewo a mwana womvera makolo, ine ndimakhulupirira ndithu kuti makolo athu anaona kuti kutchera khutu ndi kugonjera ndi chinthu chimodzi, n'chifukwa chake wosamvera anamutcha nkhutukumve. Kumvetsera ndi kumvera mosamala osafuna kuti kanthu kakudutse. Kumvetsa nde kwa mutu. Sipika ya pashopu ndi yoti odutsa amve, mahedifoni abwino ndi omvetsera, ndipo womvetsera safuna kukweza kwambiri. A World Health Organization amati munthu wamkulu asapitirire 80 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata, ndipo inu mumakhala m'shopu maola oposa amenewo. Mukavula madzulo n'kumva m'makutu mukulira mokha, dziwani kuti munakweza mopyola, tsitsani, timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso ayi.

Popita kukagula, kaya ku Lilongwe kaya kwa obwera ndi katundu pa boda ya Dedza, nyamulani laputopu yanu yomweyo ndi chaja yake, osayesera pa foni ya wogulitsa. Zofanizira zachuluka, dzina lenileni pa bokosi koma m'kati zina, nde mtengo ukatsika modabwitsa kayikirani. Sankhani nyimbo ya ng'oma imene mumaidziwa pamtima, ikani voliyumu pakati, gwedezani chingwe pamene chalowera kuti mumve ngati chikuduladula, kenako mvetserani ngati mbalule ikumveka payokha pamwamba pa ng'oma zinazo ndi m'manja mwa amayi. Ikamveka, lipirani mahedifoniwo, ndalama ya ampu ija mubwerere nayo ku Lizulu.