Funsani Abusa: Kodi ufa tizipatsa okhawo obwera kutchalitchi?

FUNSO

Abusa, ndine mlaliki wachinyamata kuno ku Nsanje. Chiwombereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabanja ambiri sanaime bwino. Minda ina inakwiririka ndi mchenga, mbuzi zinapita ndi madzi. Mpingo wathu ukapeza ufa timakagawa m'midzi, uku tikulalikira. Tsiku la ufa anthu amachita kusowa pokhala, koma Lamulungu lake mutchalitchi mumapezeka anthu khumi okha. Akulu ampingo ena akuti tizipatsa okhawo olowa kalasi ya ofuna kulowa mpingo. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa chowayankha.

Mlaliki, Nsanje

YANKHO

A Mlaliki, mtima wanuwo musauletse. Zimene akunena akulu ampingowo ine ndinazichitapo ndi manja angawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Inali njala ya 2002, ndili mbusa watsopano kumudzi wina m'boma la Dedza. Mwezi wa Febuluwale anthu ankadya madeya, ena kumafukula zitsa za nthochi n'kumasinja. Maliro ankachitika mwakachetechete chifukwa panalibe wokhala ndi mphamvu zoimba usiku wonse. Tinalandira matumba angapo a chimanga, ndipo ine ndinalamula kuti aliyense wodzalandira aonetse khadi la mpingo. Ndinkati ndikusamala zinthu za Mulungu. Pamzerepo panali agogo ena, amuna awo anali mkulu wa kudambwe. Atafika patebulo anatambasula kansalu kothethekatu kuti tiwathiriremo. Ndinawafunsa za khadi. Sanayankhe kanthu. Anapinda kansalu kaja bwinobwino, kanayi, n'kukapisa m'chiuno, kenako anandiombera m'manja mwaulemu n'kutembenuka. Patapita masabata awiri tinamva mfuu kwawo. Anamwalira anali mdzukulu wawo.

Chimene chinandilasa kwambiri n'choti ineyo sindinabwere kwa Yesu ndi khadi. Ndili mnyamata ndinkagulitsa kaunjika mumzinda wa Lilongwe, ndalama zonse kuthera ku kachasu. Nditadwala chifuwa chachikulu n'kugonekedwa m'chipatala, abale ananditaya. Amayi ena a Chigwirizano ankabwera kudzaona odwala, ndipo mmodzi wa iwo ankandibweretsera phala la mgaiwa lotsira nsinjiro m'kabakuli kabuluu, tsiku ndi tsiku. Sanandifunsepo kuti ndimapemphera kuti. Ndinafunsa ndine, sabata yachisanu, kuti, "Amayi, mukuvutikiranji ndi munthu wosamudziwa?" Mayankho awo ndi amene anandifikitsa pa ubusa. Ndiye taonani, munthu wopulumuka ndi phala laulere n'kumakaniza nkhalamba chimanga.

Tsono kwa akulu ampingowo pitani ndi Baibulo, osati ndi mkwiyo, pakuti nawonso akudandaula chifukwa ufa ndi wochepa. Atsegulireni Yohane 6. Ambuye anadyetsa anthu 5,000 osafunsa kuti wokhulupirira ndani. M'mawa mwake anawauza poyera kuti akumufuna chifukwa anadya mkate n'kukhuta, ndipo chakumapeto kwa mutu womwewo ambiri anamusiya. Iye ankadziwa mitima yawo, komabe anawadyetsa. Pa Luka 17 anachiritsa akhate khumi, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi, koma asanu ndi anayi aja sanawabwezere khate lawo. Munthu wolowa kalasi chifukwa cha ufa akulipira mtengo umene mwamuikira. Ufa ukadzatha adzachoka, ndipo adzapita akudziwa kuti Akhristu amagula anthu.

Chimene ndinaphunzira n'kulekanitsa tsiku la ufa ndi tsiku la ulaliki. Mayina a olandira musalembe nokha. Khalani pansi ndi amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, muyambire amasiye, okalamba, olumala ndi ana olera anzawo, kaya ndi Asilamu, a mpingo wina kapena osapemphera. Ogawa akhale ena, osati inuyo. Pa Machitidwe 6 atumwi anasankha amuna asanu ndi awiri oyang'anira chakudya cha amasiye, iwo n'kutsala ndi pemphero ndi Mawu. Pogawa pempherani mwachidule, anthu asakhale padzuwa la ku Nsanje maola atatu kudikira kuti ulaliki uthe. Ndipo chonde, zojambula agogo atanyamula kathumba ka ufa kuti muike pa Facebook zisiyeni. Njala yawavula kale, ife tisawonjezere.

Kunena zoona, ufa wokha sudzutsa mudzi. Mukapeza kandalama, ganizirani za mbewu ya mbatata ndi chimanga chocha msanga cha kudimba madzi akaphwera, komanso banki m'khonde ya amayi, yolowa aliyense. Zotere zimakubwezani kumudziko kawirikawiri, ndipo ulaliki weniweni umachitikira pamenepo. Pitani tsiku lopanda chogawa. Khalani pamkeka, funsani amene anatayika ndi madzi, mutchule dzina lake popemphera. Kukagwa maliro kagoneni kusiwa, ngakhale womwalirayo sanapondepo kutchalitchi kwanu.

Ine ku Dedza kuja ndinapita kukapepesa. Ndinasenza ndowa ya chimanga pamutu, ndinakana kuti anyamata andinyamulire. Agogo aja anandiyalira mphasa, ndipo amuna awo anandiyang'ana nthawi yaitali asanandipatse moni. Sanalowe mpingo mpaka imfa yawo, koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndinakhala kumeneko khomo lawo linali lotsegula kwa ine, ndipo ndinkawawerengera Masalimo pakhonde.

Anthu khumi a Lamulungu aja musawaderere. Adziweni mayina, muwayendere mmodzimmodzi, ndipo ulendo wotsatira wokagawa ufa muwatenge kuti ogawa akakhale iwowo. Mukakumana ndi akulu ampingo mundilemberenso, ndimve mmene zathera.