Penti si mankhwala a khoma lonyowa

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Area 49. Nyumba yawo ndi ya njerwa zootcha. Chaka chilichonse amapenta Khirisimasi isanafike, koma pofika Febuluwale penti wa m'munsi mwa khoma amakhala atatupa, pulasitala akuyoyoka, kuchipinda kukununkha chinyontho. Akufuna kudziwa penti wolimba woti agule.

Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa ndalama zambiri za anthu mu Lilongwe muno zikuthera m'zitini za penti pamene vuto lili pansi pa khoma. Penti amene mukufunayo kulibe. Khoma lanu likumwa madzi, ndipo chilichonse chimene mungapake pamwamba pa khoma lomwe likumwa madzi chidzasupuka basi.

Njerwa yootcha ili ndi timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Ikagunda dothi lonyowa imakoka madzi monga chingwe cha nyali chimakokera palafini. Madziwo amakwera mpaka pafupifupi mita imodzi, nthawi zambiri osapitirira m'chiuno mwa munthu wamkulu, atatenga mchere wa m'nthaka ndi wa m'njerwa momwemo. Akamauma, mcherewo umatsala. Gwadani muyang'ane pamene penti watupa, mubowole ndi chikhadabo. Kumbuyo kwake mupeza ufa woyera ngati wa chinangwa, ndipo pulasitala mukamupekesa ndi chala afumbutuka ngati mchenga wamba. Mcherewo ndi umene umakankha penti, komanso umayamwa chinyezi cha mumpweya, nchifukwa chake malo amenewo amachedwa kuuma ngakhale mvula italeka.

Pomanga, pamayenera kuyalidwa pulasitiki yakuda ija amisiri amati DPC, pamwamba pa maziko, masentimita osachepera 15 kuchokera pa dothi la panja. Ntchito yake ndi kudula njira ya madzi. Pano ndiye pamene zinthu zimaonongekera, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa pa zipangizo zonse zomangira nyumba DPC ndi imodzi mwa zotchipitsitsa. Mwini nyumba amalimbana ndi mtengo wa malata ndi matailosi, za pulasitikiyo osafunsa n'komwe. Amisiri ena amayala yopyapyala yong'ambika ndi m'mphepete mwa njerwa, ena salumikiza bwino pamakona, ena amaidumpha. Mmisiri wodumpha DPC wamulakwira kwambiri mwini nyumba, pakuti cholakwacho chimakwiririka ndi pulasitala, n'kudzaonekera patapita zaka ziwiri kapena zitatu iye atalandira kale zake.

Koma si nthawi zonse pamene mlandu uli wa mmisiri. Nyumba zambiri DPC ilimo, eni ake ndi amene anaikwirira. Wina wathira dothi kuti pabwalo pakwere. Wina waunjika dothi kukhoma n'kubzala maluwa, ndipo amathirira m'mawa ndi madzulo. Wina waika pansi njerwa zokongoletsa pabwalo mpaka zakwera kupitirira mzere wa DPC. Madzi amangodutsa pamwamba pake n'kulowa. Maluwa ogundana ndi khoma achotseni, mayi, ngakhale akongole bwanji. Chimodzimodzi mwala wochapira ndi dramu la madzi zomwe zimakhala kuseri kwa khitchini.

Ndiye pali denga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la masikweya mita 100 imatulutsa malita 100 a madzi. Chimvula chimodzi cha mu Januwale cha mamilimita 30 ndi malita 3,000, madramu 15 a malita 200. Ngati nyumba ilibe magata, tingalande tolandira madzi kumathero a malata, madzi onsewo amagwera mozungulira khoma. Onani pansi pa mathero a malata: pali kamzere kokumbika m'dothi, ndipo khoma lathimbirira ndi matope ofiira ofalikira m'munsi. Lilongwe ndi malo afulati, ndipo mapuloti ambiri atsopano adulidwa m'madambo momwe kale munkalimidwa dimba. Wogula puloti mu Okutobala amaona pouma. Puloti imayenera kuonedwa mu Febuluwale, nsapato zili m'manja. Amene muli pa lendi inunso, nyumba yongopentedwa kumene m'munsi mokha muzifunsa chifukwa chake musanapereke ndalama.

Njira zitatu zimene anthu amathamangira ndimazikana. Yoyamba ndi kupaka penti wa mafuta kapena phula lakuda m'munsi mwa khoma. Zimenezi zimatsekera madzi m'kati, ndiye amakwera kukatulukira pamwamba pa mzere mwapakawo, chaka chamawa banga lili pafupi ndi zenera. Yachiwiri ndi kumata matailosi. Maso amapuma, koma njerwa kumbuyo zikufewa, ndipo ngati nyumba inamangidwa ndi matope m'malo mwa simenti, monga zilili nyumba zambiri za njerwa zootcha, khoma lenilenilo likufooka inu osaona. Yachitatu ndi kubwereza pulasitala wa simenti wochuluka, monga thumba limodzi pa wilibala imodzi ya mchenga, poganiza kuti kulimba ndiko kuchiza. Pulasitala wolimba kuposa njerwa amang'aluka, n'kumatuka ngati chikhungwa atatenga nkhope ya njerwa. Mukagogoda ndi chala amalira ngati ng'oma.

Musanagule kalikonse, tsimikizani kumene madzi akuchokera

Tsekani mipopi yonse, muwerenge mita ya Lilongwe Water Board, mudikire maola awiri popanda wotunga kapena wogwiritsa ntchito chimbudzi. Manambala akasuntha ndiye kuti paipi ina ikudontha, ndipo ngati khoma lonyowalo lagundana ndi bafa kapena khitchini, yambirani pomwepo. Banga la paipi limanyowa ngakhale mu Seputembala. Banga loyambira kumwamba n'kumatsika ndi la denga kapena la gata. Lochokera pansi limayenda mopingasa khoma, lili ndi mzere wokhotakhota pamwamba pake ndi ufa woyera uja. Nkhungu yakuda ya kuseri kwa wodiropu nthawi zina imangokhala ya kusowa mpweya. Matani kapulasitiki koonekera pakhomapo ndi tepi mbali zonse zinayi, musiye masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa kapulasitikiko, vuto ndi mpweya wa m'chipinda. Akakhala m'kati, khoma ndi limene likutulutsa madzi.

Ntchito ya panja

Iyi ndi yoyamba, ndipo mungaiyambe ngakhale mvula ikugwa. Palani dothi mozungulira nyumba mpaka likhale masentimita 15 pansi pa DPC, kapena pansi pa simenti ya m'nyumba ngati DPC simukuiona. Osakumba mpaka kuvundukula maziko. Ikani magata ndi mapaipi otsitsa madzi, madziwo apite m'thanki kapena m'ngalande yowatulutsa kutali ndi nyumba, osati kwa aneba. Kenako thirani konkire mozungulira khoma, mulifupi masentimita 75, kukhuthala masentimita 7 kapena 8, pa dothi loshindira bwino. Akhale wopendekera kunja, kutsika masentimita awiri pa mita iliyonse. Yesani pothira ndowa ya madzi. Akabwerera kukhoma, ntchito yalakwika. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, mawilibala awiri a mchenga wa mumtsinje ndi awiri a kwale zimakwanira mamita pafupifupi atatu. Ngati pulasitala wa panja watsika mpaka kugunda dothi, dulani kamzere pa mzere wa DPC, chifukwa pulasitalayo payekha ndi mlatho wa madzi.

Ngati DPC mulibiretu, itanani mmisiri wodziwa. Amachotsa mzere wa njerwa pang'onopang'ono, osapitirira mita imodzi nthawi imodzi, molumphalumpha, n'kulowetsa pulasitiki yoberekana masentimita 15 polumikiza, n'kumanganso. Iyi musayese nokha, makamaka pa khoma la matope, lingakugwereni.

Ntchito ya m'kati mwa nyumba dikirani mvula ithe. Gumulani pulasitala mu Meyi kapena Juni. Zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu musanayandikire masoketi. Chotsani pulasitala ndi hamala ndi tchizulo mpaka masentimita 30 kupitirira pamene banga lathera, njerwa zionekere. Kwechani mchere ndi bulashi ya waya youma. Mukatsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwerera m'njerwa. Njerwa zofumbutuka zisintheni. Siyani khoma lili lamaliseche choncho masabata osachepera asanu ndi limodzi, mazenera ali otsegula, mipando itasunthidwa, ndipo muzikwechanso ufa ukatuluka. Juni ndi Julayi kumazizira, khoma limachedwa kuuma, choncho Ogasiti ndi mwezi wabwino womata.

Mchenga uyeseni kaye. Thirani m'botolo mpaka theka, onjezani madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse. Dothi lokhala pamwamba pa mchenga likapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, mchengawo ukaneni, ndipo wa m'dambo nthawi zambiri umagwa pa mayeso amenewa. Sefani mchengawo, sakanizani thumba limodzi la simenti ndi mawilibala awiri ndi theka a mchenga. Mukathira mankhwala oletsa madzi ogulitsidwa m'mahadiweya, tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo, osaonjezera. Nyowetsani njerwa pang'ono, matani kukhuthala mamilimita 12 mpaka 15, ndipo kandani dothi la simenti lokwanira ola limodzi lokha. Lotsala louma musalitsitsimutse ndi madzi. Thumba limodzi limamata masikweya mita pafupifupi 10. M'munsi siyani kampata ka sentimita imodzi pakati pa pulasitala ndi pansi, sikating'i, kamzere kaja ka m'munsi mwa khoma, idzabisa. Wazani madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, apo ayi dzuwa la chilimwe limamuwotcha n'kung'aluka timing'alu ngati ukonde wa kangaude.

Tsopano penti uja. Dikirani masiku 28 kapena kuposerapo, pulasitala ayere mofanana paliponse. Pakani pulaimala, penti woyambira, ya pulasitala watsopano kamodzi, kenako penti wa madzi, PVA wosanyezimira, kawiri. Chaka choyamba njereza ndi yabwinonso, chifukwa imalola khoma kupuma ndipo ndi yotchipa. Mukamata mu Ogasiti, mudzapenta mu Okutobala mvula yoyamba isanagwe. Mundilemberenso mu Febuluwale, mayi, mundiuze ngati ufa woyera uja watulukanso ndi pamene watulukira.