Tinkhono tosadziwika m'thanki ya madzi amchere: tichotsedwe kapena tisiyidwe?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere, momwe ndimasungamonso makorali ofewa (zamoyo za m'nyanja zomatirira pamiyala, zooneka ngati maluwa) otchedwa zoanthid. Patapita masabata awiri chiikireni mwala watsopano, ndinaona tinkhono titatu timene sindinagule. Ndi tobulungira, tamawangamawanga, tosakwana theka la sentimita, ndipo timatuluka usiku wokhawokha. Kodi nditichotse, kapena ndingotisiya? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Alendo otere amabwera atabisala m'ming'alu ya miyala yochokera m'nyanja kapena kunsi kwa zidutswa za makorali, ena akadali mazira, n'chifukwa chake amaonekera patapita masabata. Musathamangire kutiphwanya, pakuti nkhono zambiri zolowa mwa njira imeneyi zimadya ndere ndipo zimakuyeretserani thanki kwaulere.

Malinga ndi kufotokoza kwanu, ndikuganizira mitundu iwiri imene imafanana kwambiri mukaiyang'ana kumsana, koma khalidwe lake n'losiyana kutalitali. Woyamba ndi Collonista, kankhono ka mamilimita ochepa chabe, kamene kamadya ndere usiku ndipo kamaswana m'thanki popanda kuwononga kanthu. Wachiwiri ndi Heliacus, amene chakudya chake ndi zoanthid zenizenizo: masana amabisala pakati pa makorali, kenako n'kumawaboola ndi kuyamwa zam'kati mpaka amafota.

Mawanga a chigoba asakunamizeni, yankho lili kunsi. Tengani kankhono kamodzi ndi kopanira, mukaike chagada m'mbale yokhala ndi madzi a m'thanki momwemo, ndipo mudikire kuti kalowe m'chigoba. Kakatero kamatseka pakhomo ndi kachitseko kamene kali paphazi pake. Ka Collonista n'kozungulira, kolimba ngati mwala, kotuwa, ndipo kamatseka khomo bwinobwino ngati chivundikiro. Ka Heliacus n'kosongoka, kotulukira kunja ngati nsonga ya pensulo, komanso kunsi kwa chigoba chake kumakhala dzenje looneka bwino lozungulira kulowa m'kati. Galasi lokulitsa zinthu lingakuthandizeni, ngakhale kujambula ndi foni n'kukulitsa chithunzi kumakwanira. Pojambulapo ikani rula pambali, ndipo mujambule kumsana ndi kukhomo komwe, chifukwa chithunzi cha kumsana kokha ngakhale katswiri chimam'sokoneza.

Umboni wina ndi malo amene timapezeka. Magetsi a thanki akazima, dikirani ola limodzi kapena awiri, kenako muunike ndi tochi ya kuwala kofiira, kumene sikudzidzimutsa kwambiri zamoyo za m'madzi. Ngati tinkhonoto tamwazikana pagalasi ndi pamiyala, ndiye kuti tikusaka ndere. Ngati takakamira pa zoanthid, ndipo makorali oyandikana nato akhala otseka kwa masiku angapo, tichotseni tonse ndipo mufufuzenso usiku uliwonse kwa masabata angapo, popeza tina timakhala tisanakule. Povundukula zoanthid valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, chifukwa ena mwa makorali a banja limeneli ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin.

Popeza mwala womwewo ungakhale utabweretsa alendo enanso, dziwani kuti nkhono yachigoba chaphwatalala ngati khutu, yothamanga modabwitsa, imene imadula mbali ya phazi lake ikaopsezedwa, ndi Stomatella, ndipo ine ndikanaisunga mosangalala. Timachubu tolimba tomatirira pamwala, totulutsa ulusi wonanda ngati ukonde wa kangaude, ndi nkhono za vermetid, zimene zimasautsa makorali zikachuluka. Nkhono imene chigoba chake chili ndi kangalande kotalika kutsogolo, momwe mumatulukira kachitamba, nthawi zambiri imadya nyama, choncho isungeni payokha kufikira mutaidziwa. Yachigoba chosalala chooneka ngati nguli, chokhala ndi khomo lalitali lopapatiza, musaigwire ndi manja n'komwe, pakuti ikhoza kukhala Conus, ndipo mbola ya mitundu ina ya Conus inaphapo anthu.

Pa tinkhono tanuti, ukulu wake ndi kuyenda kwake kwa usiku zikuloza kwambiri kwa Collonista, koma poti muli ndi zoanthid, tembenuzani tonse titatu, kamodzikamodzi, muone kachitseko ka kalikonse musanatibwezere m'thanki.